Kwa mwana amene akulemba mayeso ali ndi ngongole pamutu

Pali mwana wasukulu amene aphunzitsife timamuzindikira teremu yoyamba isanathe. Salongolola m'kalasi, sajomba, sachita mwano. Ku pulepu amayamba ndi iye kufika, ndipo potuluka amatsalira. Koma ukabweza mapepala a mayeso a sabata, iye sayang'ana pomwe walakwitsa. Amasuzumira malikisi a mnzake, kenako n'kumawerengetsa chinachake ndi zala pansi pa desiki. Zimene akuwerengetsazo mulibe m'buku la masamu. Ndi matumba a mpunga amene anagulitsidwa kwawo, ndalama zimene ababa ake anatumiza kuchokera ku Joni, ndi mbuzi ya anganga imene inapita kumsika kuti iye agule yunifolomu ndi matiresi. Ngati mwana ameneyu ndiwe, khala pansi pang'ono, kope ulitseke.

Kuno kwa Ngokwe, kumene mtunda umathera m'madzi a nyanja ya Chiuta ndipo kutsidya ndi ku Mozambique, ana otere ndi owerengeka. Ambiri akakhoza sitandade 8 amapita ku CDSS yapafupi, ena amalekezera pomwepo n'kuyamba usodzi kapena kusaka pasipoti. Komabe chaka ndi chaka pamapezeka mmodzi kapena awiri amene banja lawo lagwirizana zoponya zonse pa iwo: mwana wa mayi wogula nsomba amene geni inamuyanja, mwana wa mphunzitsi, mwana wa bambo amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Durban. Amamukweza njinga yamoto ndi sutikesi yake, kenako minibasi kudzera ku Ntaja ndi ku Liwonde, mpaka ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kusukulu ya mpanda wautali imene fizi yake ya teremu imodzi ikhoza kudyetsa banja lonse mpaka masika. Ndiye popeza ndi owerengeka, mudzi wonse umawadziwa. Ukabwera ku holide, anthu a pachigayo sakufunsanso kuti wadzuka bwanji. Amangoti, “Adokotala afika.” Umaseka nawo, koma m'mimba mukutentha.

Mantha akowo sanayambe ndi iwe, ndipo sanayambe ndi makolo ako. Mu 1981 Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kumene ana anzeru ochokera m'maboma onse ankaphunzira ngakhale Chilatini ndi Chigiriki, osalipira fizi. Kuchokera nthawi imeneyo Amalawi tinakhomereza m'mutu chithunzi chimodzi: mwana wa kumudzi akangolowa pageti loyenera, fuko lonse lapulumuka. Kamuzu atachoka pampando mu 1994, sukulu ija inasanduka yolipira, koma chithunzicho chinatsala. Chaka chomwecho Bakili Muluzi, mwana wa kuno ku Machinga, anachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anadzaza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo. Ana aja atakula anafuna sekondale. Malo ku Zomba Catholic, ku St Mary's, ku Malosa, ku Providence kapena ku Dedza sanachuluke molingana nawo, choncho sukulu zapulayiveti zinamera paliponse, zina zabwino kwambiri, zina zongofuna ndalama. Pamwamba pa zonsezi pali mayunivesite a boma asanu ndi limodzi okha: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS amene anapatuka ku University of Malawi mu 2021, LUANAR ku Bunda, Mzuni, ndi MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014. Zaka zino olemba MSCE amapitirira 150,000 pachaka, ndipo osankhidwa kupita ku mayunivesite amenewa sakwana ngakhale mmodzi pa khumi alionse. Zili ngati bwato la anthu khumi pomwe pagombe paima anthu zana. Wotsala sanatsale chifukwa choti sadziwa kupalasa.

Ndikuuza zimenezi osati kuti ufooke, koma kuti usiye kudziimba mlandu umene si wako wekha. Kulimbikira ndi gawo lako. Kuchepa kwa malo si gawo lako.

Tsono tikambe za ngongole ija, chifukwa apa ndi pamene ana ambiri amasokonekera. Ukamva kulemera pamutu, pali zinthu ziwiri zimene zamangidwa pamodzi, ndipo uyenera kuzimasula. Choyamba ndi thukuta lenileni. Ababa ako amagona anthu asanu m'kachipinda kamodzi kunja kuja, amathawa apolisi chifukwa cha mapepala, amadya kamodzi kuti atumize fizi yako. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sukulu zinakweza fizi, ndipo amayi ako anachotsa sopo ndi shuga pa bajeti osakuuza. Zimenezi ndi zoona, ndipo wina asakunamize kuti zilibe kanthu. Uli nayo ngongole, ndipo kubweza kwake ndi kugwira ntchito moona mtima, kusaononga ndalama, ndi kudzawakumbukira ukadzayamba kupeza. Chachiwiri ndi loto. Loto lakuti udzakhale dokotala, loya kapena injiniya nthawi zambiri si lako. Ndi la ababa ako amene anasiyira folomu 2 chifukwa cha fizi, kapena la amayi ako amene anachitidwa chipongwe pamzere wa kuchipatala n'kulumbira kuti mwana wawo adzakhala mbali inayo ya tebulo. Loto limeneli ulilemekeze, koma si ngongole. Palibe mwana amene angabweze zaka zimene makolo ake anataya. Ukasakaniza ziwirizi, udzaona ngati kupeza 4 pa Biology ndi kuba mbuzi ya anganga.

Makolo athu kuno sakakamiza ndi chikwapu ayi. Amakakamiza ndi mawu ofewa pafoni. “Ife tikudalira iwe.” “Azing'ono ako awa tawasiya ku day kuti iwe upitirize.” “Usatichititse manyazi, anthu akutiyang'ana.” Mawu amenewa amachokera m'chikondi, ndipo n'chifukwa chake amalasa kwambiri. Munthu wokukalipira umatha kumukwiyira. Nanga wokudalira umukwiyira bwanji?

Chimene ndaona n'chakuti kukakamiza kwambiri kumabadwa m'kusadziwa. Kholo limene silinafike folomu 4 limangodziwa mawu awiri, kukhoza ndi kulephera, ndiponso ntchito zitatu kapena zinayi zimene limaziona ndi maso. Ndinamvapo agogo ena akudandaula kuti mdzukulu wawo wapeza mapointi 13 okha pomwe mwana wa oyandikana nawo wapeza 38. Tinaseka, koma nkhaniyi ili ndi phunziro: iweyo ndiwe uyenera kuwaphunzitsa akwanu momwe zinthu zimayendera, ndipo uyambe msanga, uli folomu 3, osati zotsatira zitatuluka. Auze kuti MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, kuti 1 ndi 2 ndiye apamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, ndipo amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, moti wochepa mapointi ndiye wapambana. Auze kuti makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, amangokupatsa chilolezo chofunsira malo ku yunivesite kudzera ku NCHE, sakupatsa malowo. Auze kuti pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene amawayang'ana, ndipo ku udokotala kumathamangira ana ambiri a mapointi ochepetsetsa m'dziko muno pomwe mipando ndi yochepa. Ngati akulota za uloya, adziwe kuti kwa zaka zambiri ku Chancellor College munthu sankalowa zamalamulo pochokera ku folomu 4, ankayamba waphunzira kaye maphunziro ena. Palinso akuluakulu ena amene akuganizabe za kota, njira ija imene boma lililonse linkakhala ndi malo ake osungidwa. Inabwereranso mu 2009 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo boma linalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Kunena kuti ndiwe wa ku Machinga sikukusungiranso mpando.

Ndikudziwa kuti kuyankhula zotere ndi ababa ako maso ndi maso n'kovuta. Mwana wa kuno sakhala pampando n'kuuza bambo ake kuti maganizo awo ngolakwika, ndipo sindikukuuza kuti utero. Mwambo wathu unatipatsa kale njira. Amalume ako, amene ambiri kuno timawatchula kuti amjomba, ndi eni mbumba, ndipo nkhani ya tsogolo la mwana wa mlongo wawo ndi yawo ndithu. Pita kwa iwo ndi lipoti lako m'manja. Usayambe ndi “sindikufuna”. Yamba ndi kuthokoza, kenako uonetse manambala: pa Chemistry ndikupeza chonchi, pa Geography ndi Agriculture chonchi, aphunzitsi anga akuti njira imene ndingaikwanitse ndi iyi. Ngati amalume ndi amene akukakamiza kuposa onse, pali ashehe, abusa, kapena mphunzitsi wako wakale wa ku pulayimale amene akwanu amamumvera. Mawu omwewo amene kuchokera pakamwa pako angamveke ngati mwano, kuchokera kwa wamkulu amamveka ngati uphungu. Akhoza kukhumudwa. Aloleni akhumudwe chaka chino, nthawi yokonza zinthu ikadalipo.

Chimene usachite ndi kunama. Ana ambiri a m'sukulu zodula amaphunzira kubisa lipoti, kusintha malikisi, kapena kuyankha kuti “zikuyenda” teremu iliyonse. Bodza limeneli limakoma miyezi ingapo, kenako limaunjikana, ndipo tsiku la zotsatira limagwa lonse nthawi imodzi. Ana amene ndawaona atafika poganiza zoopsa nthawi zambiri sanali olephereratu. Anali ana amene analonjeza mapointi 8 kwa zaka ziwiri, n'kupeza 19.

Za sukulu yakoyo ndinenepo pang'ono, ngakhale ena sakondwa nazo. Sukulu yapulayiveti ndi bizinesi, ngakhale yabwino. Katundu wake ndi zotsatira. Mayina a ana opeza mapointi 6 kapena 7 amalembedwa pachikwangwani ndi kulengezedwa pawailesi chifukwa ndiwo amakoka makolo a chaka chamawa. Ndinagwirapo ntchito pamalo ena pamene ana ofooka ankalangizidwa mwakachetechete kuti akalembetse mayeso kwina, kuti chiwerengero cha okhoza chisatsike. Choncho ahedi akamati “chaka chino tikufuna ma single digit makumi awiri”, dziwa kuti mbali ina ya mawuwo ndi ya iwe, mbali ina ndi ya kaundula wa fizi. Tenga zabwino zimene akwanu akulipirira: labotale, laibulale, mphunzitsi amene amabweradi m'kalasi, magetsi a usiku. Mnzako wa ku CDSS akuphunzira Chemistry asanagwirepo botolo la asidi. Koma njala ya sukulu yofuna kutchuka usaisandutse yako.

Palinso chilonda china chimene ana a kumudzi sachitchula. M'sukulu zimenezi umagona chipinda chimodzi ndi ana a mabwana, amene tsiku lochezera makolo amabwera ndi galimoto ndi nkhuku yokazinga, pomwe iwe palibe amene angakwanitse thiransipoti yochokera ku Chiuta. Iwo akamakamba za IGCSE ndi A Level, za anzawo a ku St Andrew's kapena ku Bishop Mackenzie amene akufunsira malo ku Cape Town kapena ku UK, iwe umangoti duu. Ena amaseka kayankhulidwe kako ka Chiyao. Usaganize kuti iwowo alibe mantha. Mwana wa dokotala amene samva masamu amavutika mofanana, mwinanso kuposa, chifukwa kwawo kulibe amene analepherapo. Kusiyana n'kwakuti iye akaphonya, akwawo amulipirira ku yunivesite yapulayiveti kapena kunja. Iwe ulibe zimenezo, ndiye usatengere kasankhidwe kake. Pofunsira malo, iye akhoza kulemba udokotala ndi ufamasi basi. Iwe ika loto lako pamwamba ngati magiredi akulola, koma pansi pake uikepo mapulogalamu amene ukudziwa kuti ukhoza kulowa: uphunzitsi wa sayansi, ulimi, za nsomba, za madzi, za nthaka. Ndaona ana a mapointi abwino akutsala pomwe anzawo a mapointi ochulukirapo atengedwa, kungoti woyambayo analemba zosankha zake kuti akondweretse pakhomo.

Mayeso akayandikira adzabwera anthu a likasa. Adzakuuza kuti ali ndi pepala lenileni, utumize ndalama pafoni. Mantha ndiwo msika wawo, ndipo mwana wosenza ngongole ndiye kasitomala wawo wabwino. Kumbukira za 2020. Sukulu zitatsekedwa miyezi yambiri chifukwa cha Covid-19, mayeso a MSCE anabedwa, mapepala anayenda pa WhatsApp, ndipo mu November boma linawathetsa ali mkati. Onse, olakwa ndi osalakwa, analembanso mu January 2021. Ambiri ogulitsa likasa amagulitsa zabodza, ndipo ukagwidwa nalo zotsatira zako zimafafanizidwa, mwinanso kukathera kupolisi. Zikatero ndiye kuti mpunga uja wapitadi pachabe.

Thupi lako nalonso lili ndi malire. Kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti usagone, kutafuna khofi wouma, kudzuka 2 koloko usiku uliwonse, ana amaziona ngati umboni wa khama. Ine ndimaziona m'mapepala awo: mayankho oyamba bwino n'kuthera m'malere. Ubongo umasunga zimene waphunzira pamene ukugona, ndipo mwana wogona maola atatu amawerenga tsamba lomwelo kanayi osatolapo kanthu. Ndipo ngati wafika pomalephera kudya, mtima kumangothamanga popanda chifukwa, kulira wekha kubafa, kapena kuganiza kuti bola utangosowa kuti akwanu apume, imeneyo si nkhani ya ulesi kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi matenda, ndipo amachizika. Uza matroni, mphunzitsi amene umamukhulupirira, kapena a kuchipatala tsiku lomwelo. Nambala ya 116, imene a YONECO a ku Zomba amathandizirapo ana ndi achinyamata, ndi yaulere. Ukaona mnzako wa pabedi loyandikana wayamba kugawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, usamusungire chinsinsi. Akwiye nawe ali moyo.

Nanga dzina lako likapanda kutuluka pamndandanda wa NCHE? Masabata oyamba adzawawa, ndipo a pachigayo aja adzasiya kukutchula adokotala. Pirira, amaiwala msanga. Kenako uyang'ane bwino dziko limene ukukhalamo. Ku Liwonde kuli Machinga TTC. Ku Domasi kuli koleji yophunzitsa aphunzitsi a sekondale. Ku Malosa kuli St Luke's kumene amaphunzitsa anamwino, ndipo Malawi College of Health Sciences imatulutsa ma clinical officer, anthu amene amagwira ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma, ndipo amene anganga ako amawatcha adokotala ndithu. Ku Nasawa ndi m'makoleji ena a zaluso a pansi pa TEVETA kumatuluka amisiri a magetsi, a mipope ndi a zowotcherera amene ena mwa iwo amamanga nyumba anzawo a digiri akuyendabe ndi envelopu. Ndipo dipuloma si mapeto: mayunivesite amatenga anthu a mature entry, amene anayamba agwira ntchito. Sindikunena kuti njira zonsezi n'zofanana, kapena kuti digiri ilibe phindu. Ili nalo. Ndikungonena kuti kwa banja limene lagulitsa kale zambiri, mwana woyamba kulandira malipiro patapita zaka zitatu akhoza kuphunzitsa azing'ono ake aja amene anasiyidwa ku day.

Kubwereza folomu 4 ndimakuvomereza pokhapokha pali chifukwa chooneka: unadwala nthawi ya mayeso, munagwa maliro, kapena phunziro limodzi, makamaka Chingerezi, ndilo linakugwetsa. Kubwereza kungoti mapointi 16 asanduke 9 pomwe magiredi ako akhala omwewo kuyambira folomu 1 ndi kulipiritsa akwanu chaka china chifukwa cha manyazi. Ngati n'kofunikadi, sizitengera kubwerera ku sukulu yodula ija. Ambiri amakhoza bwino polembetsa ngati external n'kumaphunzira ku open.

Ukasankhidwanso nkhani ya ndalama siitha, ndipo izi akwanu azidziwe chikondwerero chisanayambe. Ku yunivesite ya boma kuli fizi, malo ogona pasukulu sakwanira moti ambiri amachita lendi kunja, ndipo chakudya umadzigulira. Bungwe la ngongole za ophunzira, HESLGB, limathandiza ovutika, koma uyenera kufunsira wekha nthawi yake isanadutse, ndipo amafufuza momwe pakhomo panu palili. Mwana wochokera ku sukulu yodula amaoneka ngati wa kwa opeza bwino, ndiye konzekera kufotokoza mmene fizi ija inkapezekera. Sunga malisiti, makalata a amene anakuthandiza, ndi chilichonse chosonyeza kuti ndalama zinkasonkhedwa. Chiphaso cha unzika upangitse ukadali kusukulu, ndipo uonetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa chimodzimodzi ndi za ku MANEB. Kwathu kuno netiweki imavuta ndipo zolengeza za NCHE sizidikira munthu, choncho usanachoke m'tauni upeze mnzako kapena mphunzitsi mmodzi amene adzakuimbire foni tsiku limene mafomu atuluke, ndipo umupatsenso nambala ya amalume ako.